Nkhope Imene Ndinaitanitsa kwa Wojambula

1

Amene amandidziwa amanditchula kuti a Ndinafikako, ndipo dzinalo sindilikana. Tchulani dziko lililonse, ndikuuzani mmene misewu yake imadyera matayala. Ndinafikako kumene dzuwa limajomba kuntchito miyezi yathunthu. Ndinafikako kumene sitima zimayenda pansi pa nthaka ngati mfuko. Ndinadyapo nkhono ndi foloko, anthu akuona, osasanza. Ine yemwe ndinayamba ndi pampu imodzi ndi beseni la madzi m'mbali mwa msewu, kumata machubu a njinga, lero ndili ndi mashopu a matayala ndi hotela yosanja, ya chikepe chake.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kukula kwa munthu amene anagwa. Nyerere ikagwa mumtengo palibe amatembenuka. Ine nditagwa, anamva ndi ogontha omwe.

Chinandigwetsa ndi chikondi changa pa Aphunzitsi. Achinyamata a lero mwina simuwadziwa. Anali munthu wa maganizo akuya, wolemba timabuku ta za ulamuliro pa nthawi imene kufunsa funso kunali mlandu. Olamulira a nthawi imeneyo analetsa dzina lawo, nawotcha zithunzi zawo zonse, mpaka anthu anazolowera kungonong'ona kuti "Aphunzitsi", ndipo timatero mpaka lero. Tsiku lina anangosowa. Ena ankati anathawira kunja, ena ankangoyang'ana pansi.

Mawu awo otchuka anali akuti, "Wolamulira akhale ndi makutu aakulu kuposa pakamwa pake." Ndinkawakonda mawu amenewa. Ndinkawatchula pa maphwando, pa misonkhano ya antchito, ngakhale podikira ndege, ndipo ndinkawatambasula mpaka tiyi kuzizira, popanda wina kuponyapo liwu.

Ndinalinso ndi nkhani yangayanga. Ndinkati pa ulendo wanga woyamba wa kunja ndinakumana ndi Aphunzitsi m'sitima, tinagawana lalanje, ndipo anandigwira paphewa nati, "Mnyamata iwe, udzafika patali." Ndinaikamba kambirimbiri mpaka ndinkamva fungo la lalanjelo m'zala zanga.

Ndikangoiyamba, mkazi wanga ankadzuka kukaona ketulo. Ndi mayi wa mawu ochepa, namwino, wamasiye amene analeredwa ndi mayi ake aang'ono. Mulungu anamuumba bwino, koma pomaliza anamumata makutu oimirira ngati zogwirira za kapu, ndipo ana athu onse anatengera. Ndinkamuseka nawo, iye n'kumawabisa m'tsitsi. Kudzuka kwake kuja ndinkati ndi ulemu: mkazi wofuna kuti alendo amve nkhani ya mwamuna wake ali ndi tiyi wotentha.

2

Nditamaliza kumanga holo ya misonkhano pa hotela yanga, ndinaitcha Holo ya Aphunzitsi. Kunja ndinaona kuti holo yaulemu imakhala ndi chithunzi chachikulu chojambula ndi penti, chotalika kuposa chitseko. Nanenso ndinafuna chotero.

Anandilozera kwa wojambula wina yemwe ankagwirira ntchito pamwamba pa shopu ya mabatire. Tinakwera masitepe opapatiza ine ndi mkazi wanga, chifukwa tinali paulendo wokasankha makatani. M'chipindamo munkanunkha penti ndi thina wosungunulira pentiyo. Maburashi anali ataima m'zitini za mkaka, zinsalu zitatsamira khoma, ndipo pafupi ndi windo panali mpando umodzi wopanda chotsamira. Wojambulayo anali bambo wowonda, wa imvi zapatalipatali, penti mpaka m'zikhadabo.

"Ine sindijambula za m'mutu, bwana," anatero nditamufotokozera. "Ndimafuna munthu akhale pampando apo, ndione mmene kuwala kukumugwerera. Akakhala womwalira, mundipatse chithunzi chake, kapena m'bale wake wa magazi adzakhale m'malo mwake. Mafupa a nkhope sanama."

"Zithunzi anawotcha, abale palibe amawadziwa," ndinatero. "Koma muli ndi mwayi, achimwene. Mukulankhula ndi munthu amene anawaona."

"Palibenso ena anawaona? Tikanaphatikiza maso."

"Enawo ankawaonera patali. Ine ndinagawana nawo lalanje."

Apa ndiime pang'ono ndikuuzeni zoona. M'sitima muja munalidi nkhalamba ndi lalanje. Koma inali nkhalamba ya kudziko komweko, yosamva chilankhulo chathu, ndipo lalanjelo inadya yokha n'kugona. Zotsalazo ndinazikuza ndekha monga ndinakuzira bizinesi yanga, kuchokera pa pampu imodzi.

Wojambula anatola makala ndi pepala. "Chabwino. Anali otani?"

"Wamtali, ngati ine. Chifuwa chotambalala. Mphumi ya munthu woganiza." Ndinasisita yanga. "Ndevu zambiri, zaulemu. Pamkono wotchi yagolide."

"Wotchi yagolide?" Anali mkazi wanga, ataima pawindo. Mawu ake anatuluka mosayembekezeka ngati chikhosomo.

"Amayi," ndinatero mokoma, "kodi inu munalipo?"

Anangokumbatira chikwama chake.

Wojambula anapempha chinthu chimodzi, kuti ndisaone ntchitoyo mpaka tsiku lovundukula. Ndinavomera ndi manja awiri. Ndinamuuza kuti akatswiri a kunja amateronso, ndinafikako.

3

Patapita milungu ingapo, achemwali anga aakulu anabwera ku ofesi. Mayi amenewo nkhani sigona m'kamwa mwawo. Anatseka chitseko, nakhala pansi osadikira kuuzidwa.

"Achimwene, mayiko onse mumawadziwa, koma za m'nyumba mwanu mumazidziwa?"

"Mwayambanso."

"Alamu anga akumakwera masitepe a pa shopu ya mabatire. Masana, akaweruka kuchipatala. Akumatsika maso ali ofiira. Ndipo tsitsi akumamanga kumbuyo, makutu onse pamtunda, iwo amene ngakhale pa ukwati wawo anawabisa. Mkazi akayamba kuonetsa zimene ankabisa, pali amene wamuuza kuti ndi zokongola."

Ndinaseka mokweza kuti antchito amve.

Moyang'anizana ndi chipinda cha wojambula, kutsidya la msewu, kuli telala amene nayenso ali pamwamba. Mawa lake masana ndinakwera kumeneko ndi kunena kuti ndikufuna suti.

"Imani apa, bwana."

"Ayi, mundiyezere pawindo. Kunja amayezera pawindo."

Telala akundikulunga tepi pamimba, ndinaona zonse. Mkazi wanga anakhala pampando wopanda chotsamira uja. Wojambula anabwera, namugwira chibwano ndi zala ziwiri, n'kutembenuza nkhope yake pang'onopang'ono kuloza kowala. Chibwano chimene ine ndinachikwatira! Kenaka mkazi wanga anatsegula chikwama, natulutsa kanthu kokulunga m'mpango, nakapereka ndi manja awiri. Wojambula anakalandira ngati dzira. Mkazi wanga anaphimba nkhope, mapewa akugwedezeka.

"Bwana, pumani," anatero telala. "Mukakoka mimba chonchi, suti idzakuthinani."

Ndinatuluka nditaitanitsa suti imene sindinkaifuna.

Madzulo ake ndinamupeza mkazi wanga akuthirira maluwa pakhonde.

"Masana munali kuti, amayi?"

Anaika pansi chothirira. "Bambo a ana, pali nkhani ndikufuna tikambe. Ndakhala ndikufuna kalekale. Koma mukhale pansi, mundimvere mpaka ndimalize."

Taonani, khomo linatseguka lokha pamaso panga. Munthu wanzeru akanakoka mpando. Ine ndinakonza kolala.

"Palibe chimene mungandiuze chimene sindikuchidziwa kale," ndinatero. "Ine ndaona zambiri m'dziko muno. Sungani nkhani yanuyo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, natola chothirira chake.

Ndinaganiza kuti ndiwagwire onse awiri pagulu, tsiku lovundukula. Ndinkadziona nditaima, wolakwiridwa koma wolemekezeka, anthu akupukusa mitu ndi chisoni. Ndinayeseza ngakhale pagalasi nkhope imene ndidzavale.

4

Tsikulo holo inadzaza. Panali amalonda anzanga, atolankhani, antchito a hotela atavala zoyera, ana athu, ndi achemwali anga pamzere woyamba, atapinda manja ngati akudikira mpira kuyamba. Mlendo wolemekezeka anali a Jaji, woweruza wopuma ntchito, nkhalamba yoyendera ndodo, yemwe paunyamata wake anali wophunzira wa Aphunzitsi. Ndinawaitana kuti mwambo ulemere, koma ndinkapewa kutsala nawo awiriwiri, kuopa angandifunse kuti sitima ija inali yopita kuti.

Chithunzi chinali pakhoma, chitaphimbidwa ndi nsalu yofiira. Wojambula anaima pambali pake, atavala jekete yobwereka. Mkazi wanga anakhala pampando wake, tsitsi lomanga kumbuyo.

Ndinatenga maiki. Ndinalankhula za pampu ndi beseni. Ndinalankhula za makutu aakulu kuposa pakamwa. Ndinakamba za sitima ndi lalanje, ndipo tsiku limenelo lalanje linali lalikulu kuposa masiku onse. A Jaji ankangoyang'ana nsapato zawo.

"Koma abale anga," ndinatsitsa mawu monga ndinayesezera, "Aphunzitsi ankadana ndi chinyengo. Pali ena umawapatsa khoma lako kuti alikongoletse, iwo n'kulowa mpaka kuchipinda. Lero tiona ntchito ya manja amene amagwira zambiri."

Ndinakoka chingwe, nsalu inagwa.

Chiphona changa cha ndevu panalibe. Pachithunzipo panali kabambo kakafupi, kowonda, kopanda ndevu, kovala jekete yothera m'zigongono. Phewa limodzi linali lotsika. Kanavala magalasi omangidwa ndi ulusi wakuda pa mwendo umodzi. Mutu unapendekeka pang'ono, ngati munthu amene akudikira kuti umalize kulankhula. Ndipo maso, chibwano, ndi makutu oimirira ngati zogwirira za kapu, zonsezo ndinkazidziwa. Ndinkadzuka nazo m'mawa uliwonse.

"Mwaona?" ndinakuwa mu maiki. "Mwaona nokha! Ndamutuma Aphunzitsi, iye wajambula mkazi wanga n'kumuveka jekete! Chikondi chamuphimba m'maso mpaka burashi ikungolemba nkhope imodzi! Ndinawaona ndi maso anga, akumugwira chibwano!"

"Ndinanena ine!" anatero achemwali anga.

Phokoso linabuka. Atolankhani anadzuka. Mwana wathu wamkulu anagwira mutu.

Kenaka tinamva ndodo ikugogoda pansi. A Jaji anali ataima, akuyenda pang'onopang'ono kupita pachithunzi. Atafika, anavula chipewa.

"Aphunzitsi," anatero, ngati akupereka moni pakhomo la kalasi. Anatembenuka, misozi ili mbwe. "Ndi iwowa. Phewa ili linathyoka atagwa panjinga. Ulusi uwu pa magalasi, ndinaona akumanga ndili pomwepo. Zaka zonsezi ndimayesa kukumbukira nkhope yawo, imandithawa. Mwana wanga, waitenga kuti?"

Wojambula anayankha modekha, koma akuyang'ana ine. "Ndinanena, bwana. Womwalira ndimamujambula ndi magazi ake."

5

Mkazi wanga anadzuka. Sanathamange, sanalire. Anabwera kudzaima pafupi nane, pansi pa chithunzi, ndipo aliyense m'holomo anayang'ana m'mwamba, n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ananso m'mwamba.

A Jaji anagwira pakamwa. "Kamtsikana kaja! Kankakhala pansi pa tebulo tikamakambirana, kakutimasula zingwe za nsapato!"

"Ndine, agogo," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine, nalankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha. Koma maiki inali idakali m'dzanja langa, pakati pathu, ndipo ndinaiwala kuitsitsa. Mawu ake onse anatuluka m'zokuzira mawu zimene ndinagula ndekha kunja, zamphamvu kwambiri.

"Munandifunsa ngati ndinalipo. Ndinalipo, bambo a ana. Ndinalipo pamene anabwera kudzawatenga. Ndinalipo pamene anatipatsa magalasi awa pa geti la ndende, kuti mwini wake sadzawafunanso. Bambo anga sanakwerepo sitima ya kunja."

"Bwanji... bwanji osandiuza?"

"Mayi anga anandilumbiritsa asanamwalire. Mwana wa munthu ameneyu sakanalowa sukulu, sakanapeza ntchito. Ndinatenga dzina la kuchikazi. Tili pachibwenzi ndinakuuzani kuti bambo anga anali mphunzitsi, ndikuyembekeza kuti mufunsa kuti wa chiyani. Inu munati, 'Basi zabwino,' n'kuyamba za matayala. Mantha atatha m'dziko, munali mutayamba kale nkhani ya sitima. Ndikanalankhula, sitima yanuyo ikanagubuduka pamaso pa anzanu. Ndinati lalanje silipha munthu, alekeni. Koma kuwaveka ndevu ndi wotchi yagolide, n'kuwapachika pakhoma kuti adzukulu awo azidzati agogo anali otere? Anawawotcha kale nkhope kamodzi. Kachiwiri ayi."

Anayang'ana wojambula, kenaka ine.

"Bambo uyu anandigwira chibwano kuti aone bambo anga. Inu mwakhala nane zaka zonsezi, mumangoona makutu."

Anatuluka, ana akumutsatira. Achemwali anga anasowa ngati mchere m'madzi. Ine ndinatsala nditagwira maiki, mu suti yondithina, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinalibe mawu. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

6

Nyuzipepala zinachita nane zimene zinafuna. Antchito anga anayamba kubisa malalanje ndikamadutsa pa chipinda chodyera. Koma zimenezo zinali zazing'ono. Chachikulu chinali chakuti mkazi wanga sanabwerere kunyumba. Anakakhala kwa mwana wathu wamkulu.

Ndinayamba ndapita kwa wojambula kukapepesa. Anandikhululukira mosavuta, n'kutulutsa chinsalu china kuseli kwa chitseko.

"Ichi ndi chimene munaitanitsa, bwana. Ndinachiyamba mayi asanabwere. Tengani, ndi chanu."

Chinali chiphona chija, chifuwa, mphumi, wotchi yagolide. Ndinachiyang'anitsitsa. Anali ine, nditamera ndevu. Ndinachipachika m'chipinda chosungira matayala, choyang'ana kukhoma.

Kenaka ndinapita kwa mwana wanga. Anandiimitsa pakhomo.

"Adadi, ngati mwabwera ndi sipichi, bwererani nayo."

"Ndabwera ndi maluwa, ndi mawu pang'ono chabe."

"Maluwa alowe. Mawuwo asiyeni pamodzi ndi nsapato."

Ndinamupeza mkazi wanga pakhonde la kuseli, akusenda lalanje. Ndinaganiza kuti wachita dala, ndipo mpaka lero ndikuganiza choncho. Ndinakhala pa kampando ka mdzukulu, mawondo m'mwamba. M'galimoto ndinali nditakonza mawu okoma, oyambira pa chikondi kukathera pa kukhululuka kwa mitundu ya anthu. Ndinawameza onse. Anandipweteka pakhosi ngati mbatata yopanda madzi.

"Amayi," ndinatero, "bambo anu anali munthu wotani?"

Ndipo ndinatseka pakamwa.

Anapitiriza kusenda. Chete ameneyo anali wautali kuposa ulendo uliwonse wa pandege umene ndinayendapo. Lilime langa linkadumphadumpha, ndinaliluma.

"Sankadya malalanje," anatero pomaliza. "Ankawapatsa chilungulira."

Ndinamva kuseka kukubwera pamodzi ndi misozi, ndipo zonse zinatuluka nthawi imodzi, moipa, ndi mamina omwe. Iye anangopukusa mutu, koma pakona pa mlomo wake panagwedezeka. Anagawa lalanjelo pakati, nandipatsa theka.

"Ankaimba molakwika akamameta. Ankaopa agalu. Ndikawafunsa kanthu, ankavula magalasi n'kupendeketsa mutu, ngati funso la mwana ndi mlandu waukulu. Mukumva?"

Ndinagwedeza mutu.

"Mwadwala?"

Ndinapukusa mutu.

"Chabwino. Mubwerenso mawa. Ndikamaliza kukuuzani za bambo anga, ndidzaona ngati ndingabwerere."

7

Owerenga anzanga, makamaka inu abambo amene mawu anu amadzaza nyumba mpaka ena kusowa popumira, ndalemba izi kuti mundiseke, ndipo sekani ndithu, ndalipira kale ndi nkhope yanga. Ndinazungulira dziko lonse kufunafuna anthu otchuka oti ndiziti ndinawagwira chanza. Ndinapeka sitima, ndinapeka lalanje, kuti ndikhale pafupi ndi munthu amene ndinali mkamwini wake. Magazi ake ankandithirira tiyi. Adzukulu ake ndinkawanyamula paphewa, n'kumawaseka makutu. Zonse zinali kuseli kwa funso limodzi laling'ono, lakuti, "Wa chiyani?"

Mukamaliza kuseka, yang'anani amene wakhala nanu pafupi. Pali yankho limene anakupatsani kalekale, inu n'kunena kuti basi zabwino. Bwererani pamenepo.

Chithunzi chija chidakali m'holo. Anthu amabwera kudzachiona, ena amavula zipewa. Ine ndikamadutsa, kabambo kaja kamandipendeketsera mutu, kudikira kuti ndimalize, ndipo ndimafulumira.

Masana aliwonse ndimatseka ofesi, n'kukakhala pa kampando ka mdzukulu. Nkhani yafika pamene mkazi wanga anayamba sukulu ndi dzina lachilendo. Dzulo, ndikuvala nsapato pakhomo, anandifunsa ngati maluwa ake apakhonde akuthiriridwa. Ndinafuna kumuuza za mmene amathirira maluwa kunja, ndi mapaipi odzitsegula okha, pakuti ndinafikako.

Ndinangoti, "Eya, amayi."